Kuthithikana kwa chiwerengero pa histogram

Histogram ndi chithunzi cha mizati yogundana chosonyeza momwe manambala agawikira m'magulu. Dzinali analiyambitsa ndi Karl Pearson wa ku London m'zaka za m'ma 1890. Pa chithunzichi, chiwerengero cha gulu chimaoneka pa kukula kwa malo onse amene mzati watenga, osati pa kutalika kwake kokha. N'chifukwa chake magulu akakhala osafanana m'lifupi, kutalika kwa mzati kumapezeka pogawa chiwerengero cha gululo ndi m'lifupi mwake. Yankholo ndiko kuthithikana, kumene mabuku a masamu a Chingerezi amati frequency density.

Zaka za anthu, zonga zimene bungwe la Instituto Nacional de Estatística linalemba pa kalembera wa 2017 ku Mozambique, nthawi zambiri zimaikidwa m'magulu otere. Tiyerekeze mudzi wina wa ku Chifunde, kufupi ndi malire a Zambia, uli ndi ana 60 a zaka 0 mpaka 4, ana 90 a zaka 5 mpaka 14, ndi anthu 200 a zaka 15 mpaka 64. Kuthithikana kwake ndi 12, 9 ndi 4. Mzati wa makanda ndiwo wautali, ngakhale gulu lawo ndi lochepa.

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa m'lifupi. Amachotsa 0 pa 4 n'kupeza 4, pomwe yankho ndi 5: mwana wa zaka 4 ndi miyezi 11 akadali m'gulu loyambalo.