Dimba la Pamodzi ku Kasisi

Kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli, kuli mishoni ya Kasisi, imene Bambo Jules Torrend anaikhazika m'caka ca 1905. Mu 1974 Mbale Paul Desmarais wa ku Canada anatsegula sukulu ya zaulimi kumeneko.

Poyamba alimi anaphunzitsidwa kulima ndi feteleza ndi mankhwala ogula. Koma ambiri analephera kubweza ngongole zao, nthaka nayonso niguga. Tero mu 1990 sukuluyo inatembenukira ku manyowa, kasinthasintha wa mbeu, ndi mitengo yobwezera conde m'nthaka.

Nzeru yotere siilowa mwa kumva cabe, pakuti mlimi akhulupirira maso ace. Cimene cinathandiza ndico dimba lalikuru lothirira, m'mene anthu a m'midzi yozungulira anapatsidwa yense cigawo cace. Madzi a m'cilimwe, amene munthu mmodzi sakadakhoza kuwakoka, anafika kwa onse. Iye wokayika za manyowa anaona kabici wa mnzace alikukula pambali pa wace, nafunsa, nayesa. Ndipo mwezi wa Okutobala, nkhokwe zitayamba kupepuka, m'nyumba zao munali ndiwo zakudya ndi zina zokagulitsa ku Lusaka.