Mbiri ya Nyengo m'Mafupa a Mbeŵa

Kumpoto kwa chigawo cha California, m'dziko la America, pafupi ndi mtsinje wa McCloud, kuli phanga lotchedwa Samwell, limene anthu a mtundu wa Wintu akhala akulilemekeza kuyambira kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Eustace Furlong wa ku University of California anakumba m'phangamo ndi kutulutsamo mafupa a nyama zikuluzikulu zimene zinatha kale padziko. Masiku amenewo fupa lalikulu ndilo linali ndi ulemu, ndipo timafupa ta mbeŵa sitinkaŵerengedwa kwenikweni.

Patapita zaka pafupifupi 100, akatswiri ena anabwerera kuphangako kudzafuna timafupa tomweto. M'chaka cha 2010, Jessica Blois, Jenny McGuire ndi Elizabeth Hadly anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya Nature.

Kodi mbeŵa ingauze munthu chiyani za nyengo yamakedzana? Mlenje aliyense wa mbeŵa amadziŵa kuti ya kudambo si ya kumtunda. Mtundu uliwonse uli ndi malo ake, ndipo moyo wake wonse umathera pafupi ndi una wake. Nyama yaikulu ikaona chilala imasamuka ulendo wautali, koma kanyama kakang'ono kalibe mwendo wotero. Tsono fupa lake likapezeka pamalo, limachitira umboni za nyengo ya pamalo pomwepo.

Osonkhanitsa umboniwo sanali anthu ai. Kadzidzi akameza mbeŵa amalavula ubweya ndi mafupa, ndipo makoswe a m'thengo a kumeneko ali ndi khalidwe lotola chilichonse ndi kukaunjika m'chisa. Motero timafupa tinasanjikizana m'phangamo kwa zaka zikwi zambiri, takale pansi, tatsopano pamwamba. Akatswiri aja anasefa dothi, nazindikira mitundu poyang'ana mano ndi nsagwada, nayeza zaka zake ndi njira ya kaboni.

Nthaŵi imene anaifufuza ndiyo ya kutha kwa nyengo ya chisanu chachikulu, imene inafika pamapeto zaka pafupifupi 11,700 zapitazo. Apo ndi pamene njovu zaubweya ndi nyama zina zazikulu zinatheratu ku North America, ndipo ambiri ankaganiza kuti tinyama ting'onoting'ono tinapulumuka bwinobwino popeza mitundu yake ikalipo mpaka lero. Mafupa a ku Samwell anaonetsa kuti kupulumukako kunali ndi mtengo wake. Kanyama kokumba mauna kotchedwa Aplodontia, kamene sikatha kukhala kutali ndi chinyontho chifukwa impso zake sizisunga madzi bwino, kanasoŵa pamalopo dziko litayamba kufunda, ndi kutsala m'nkhalango zozizira zokha. Mitundu ina inachepa kwambiri. Koma mbeŵa ya mtundu wa Peromyscus, imene imadya chilichonse ndi kugona paliponse, inachulukirachulukira mpaka kuposa zinzake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu wongoona kuti mitunduyo ikalipo mpaka lero akanati palibe chimene chinasintha kwenikweni. Kusinthako kunaonekera poŵerenga mitundu imene inali pamalopo ndiponso kuti mtundu uliwonse unali ndi mbeŵa zingati. Ndipo si nkhani yaing'ono, pakuti tinyama timeneti ndito timatembenuza dothi, timamwaza mbewu za mitengo, ndi kudyetsa akadzidzi, njoka ndi ankhandwe. Peromyscus yemweyo, amene anapindula ndi kufunda kwa dziko, ndiye amanyamula kachirombo ka hantavirus kamene kamapha anthu kumadzulo kwa America.