Mtolo wa nsalu umene unafika ku Eyam

Lero tipite ku England, chaka cha 1665, m'mudzi waung'ono wotchedwa Eyam, m'chigawo cha Derbyshire. Inu a salaula tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi iyamba ndi mtolo wa nsalu.

Chaka chimenecho mliri wa makoswe unali kusesa anthu mu London, ndipo imfa zimene zinalembedwa m'mabuku zinaposa 68,000. Telala wa ku Eyam, Alexander Hadfield, analandira nsalu zochokera mumzindawo. Wantchito wake George Viccars atamasula mtolo anapeza kuti nsalu zili ndi chinyontho, n'kuziyanika pafupi ndi moto. Ndani wa ife sakanachita chimodzimodzi kuti katundu asaonongeke? Koma m'nsalumo munali nthata zonyamula matenda. Pa 7 September 1665 Viccars anaikidwa m'manda, woyamba m'mudzimo. Kachilombo ka matendawa kanadzadziwika mu 1894, ndiye panthawiyo palibe amene akanamuchenjeza. Manje ndikufunseni: tchimo la munthu ameneyu linali liti?

Akhristu a nthawi imeneyo sanazengereze kutcha mliri kuti ndodo ya Mulungu. Buku lathu la mapemphero la 1662, limene linali ndi zaka zitatu chabe, lili ndi pemphero la nthawi ya mliri, lokumbutsa anthu 70,000 amene anafa m'masiku a Mfumu Davide. Koma onani bwino. Pempherolo ndi la mpingo wonse, wolapa pamodzi, palibe amene akulozedwa chala. Ndipo pa mwambo wocheza ndi odwala m'buku lomwelo, wansembe amauza wodwala kuti matendawa mwina abwera kuyesa kupirira kwake kuti ena aphunzirepo, mwina kuti chikhulupiriro chake chioneke, mwinanso kuti akonze zolakwa zake, n'kumuwerengera Ahebri 12 za bambo wolanga mwana amene amamukonda. Sasankha chifukwa chimodzi n'kumupachika nacho. Chimenechi ndicho chimandisangalatsa m'bukuli. Ife masiku ano, mnzathu akangodwala kapena malonda ake akagwa, tisanamupatse ndi madzi omwe tadziwa kale chimene anachita.

M'nyengo yozizira imfa zinachepa, koma pofika pakati pa 1666 mliri unabwerera ndi ukali, anthu n'kuyamba kumanga katundu kuti athawe. Wansembe wa mudziwo, William Mompesson, anali mlendo, wangofika mu 1664. Anthu ambiri mtima wao unali kwa Thomas Stanley, m'busa wakale amene anachoka paudindo atakana malamulo a mpingo a 1662. Awiriwa sankagwirizana pa kapembedzedwe, koma anakhala pansi pamodzi, ndipo mu June 1666 anapempha mudzi wonse chinthu chowawa: wina aliyense asatuluke, kuti matenda asafike kumidzi ndi kumatauni oyandikana nao. Anthu anavomera.

Tchalitchi chinatsekedwa. Mapemphero ankachitikira panja, m'chigwa chotchedwa Cucklett Delph, mabanja ataima motalikirana. Banja lililonse linkaika lokha maliro ake pafupi ndi nyumba. Malonda sanaime, anangosintha kachitidwe. A kunja ankasiya chakudya pamalire a mudzi, a m'kati n'kusiya makobidi m'mabowo a mwala othiramo viniga, poganiza kuti viniga ayeretsa ndalamazo. Mwalawo ulipo mpaka lero, panjira yopita ku Stoney Middleton. Wogula ndi wogulitsa osaonana, osanenerera, kungokhulupirirana basi. Mwini malo wolemera wa ku Chatsworth, Earl of Devonshire, nayenso ankatumiza chakudya.

August 1666 ndiwo unali mwezi woipitsitsa. Mayi Elizabeth Hancock anaika m'manda mwamuna wake ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku asanu ndi atatu, yekha, m'munda pafupi ndi nyumba yao. Catherine, mkazi wa wansembe, anakana kumusiya mwamuna wake, ankayenda naye kukaona odwala, ndipo anamwalira mwezi womwewo ali ndi zaka 27. Pamenepo panalinso Marshall Howe, amene anadwala n'kuchira, n'kuyamba ntchito yoika maliro a mabanja otheratu. Nkhani za m'mudzimo zimati ankadzilipira yekha potenga katundu wa akufawo. Iyeyo mliri anaupulumuka, koma mkazi wake ndi mwana wake anapita.

Tsono amene mumakonda kuwerengera anzanu machimo, tengani bolopeni mundiwerengere sikelo imeneyi. Wotumikira odwala wafa, wotola za akufa watsala. Yesu anaikana kale sikeloyi pa Luka 13, pokamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anati sanali ochimwa kuposa anzao, ndipo kulapa anakutembenuzira kwa amoyo amene ankamumvera.

Musandimve molakwa, sindikuti tchimo lilibe zotsatira. Lili nazo, koma chowawa chake n'chakuti kawirikawiri zimagwera wina. Pa 2 Samueli 24 wowerenga anthu anali Davide, akufa anali anthu wamba, ndipo Davide mwini anadandaula kwa Mulungu kuti nkhosazi sizinalakwe. Ife tinazionera pafupi pa kolera ya mu Lusaka kuyambira kumapeto kwa 2017 kufika 2018, pamene misika ina inatsekedwa, malonda a m'misewu analetsedwa, ndi misonkhano ya mapemphero inaletsedwa m'madera ena. Wotaya zinyalala mu ngalande usiku ndi wina, mwana wotsegula m'mimba kumunsi kwa komboni ndi wina. Anthu a ku Eyam mfundo imeneyi anaigwira. Kuthawa kukanaoneka ngati nzeru, koma mtengo wake akanalipira ana a anthu ena. Ndodo imene ankakhulupirira kuti ndi ya Atate anaiyankha pokana kusenzetsa anzao, ndipo ena mwa iwo mwina akanakhala ndi moyo akanathawa. Zimenezi sindingazipeputse.

Imfa yomaliza inachitika pa 1 November 1666, patatha miyezi 14. Anthu pafupifupi 260 anali atapita. Mompesson anakhala ndi moyo, kenaka anasamukira ku parishi ina. Mpaka lero, Lamulungu lomaliza la August, anthu amasonkhana ku Cucklett Delph kuchita mapemphero okumbukira, ndipo tsiku lomwelo amaika maluwa pamanda a Catherine, pabwalo la tchalitchi cha mudziwo.