Dziko Limene Linamira m'Nyanja

M'caka ca 1931 asodzi a m'ngalawa yochedwa Colinda analikukoka khoka lao mamailosi 25 kucokera ku gombe la Norfolk, ku Mangalande. M'khokamo munatuluka cibuma cakuda ca zomera zovunda. Pocigumula, mkulu wa ngalawayo, Pilgrim Lockwood, anapezamo nsonga ya mkondo yosemedwa ndi nyanga. Kodi mlenje anaitaya bwanji pakati pa nyanja?

Yankho linali m'dothi momwemo. Harry Godwin ndi mkazi wace Margaret, akatswiri a zomera a ku Cambridge, anapima dothi la pamalopo ndi galasi lokuza zinthu. Anapeza kuti linali la m'dambo la madzi opanda mcere, lodzala ndi mungu wa mitengo. Pansi pa nyanjapo panali mtunda kale.

Zaka 20,000 zapitazo madzi ambiri anali oundana pamtunda, ndipo nyanja inali yotsika mafiti 400. Munthu akanatha kuyenda pansi kucokera ku Mangalande kufika ku Holland. Madziwo atasungunuka, nyanja inakwera pang'ono-pang'ono, nimeza madambo ndi misasa ya alenje. Dziko lomiralo lero lichedwa Doggerland.

Tsopano nyanja yayambanso kukwera: ciyambire 1900 yaonjezera mainchesi okwana 8.