MBIRI YA LUMO NDI LEZALA

Pamene Bambo Jules Torrend anatsegula misoni ya Kasisi m'caka ca 1905, amuna a m'midzi ya Asoli anali kumeta ndi lumo losulidwa ndi amisiri akwao. Likabuntha analinola pamwala, ndipo lumo limodzi linakhala zaka zambiri.

Masiku omwewo ku America, King Gillette anali atayamba malonda a lezala wopyapyala, wometera masiku owerengeka ndi kumtaya. M'caka ca 1903 anagulitsa malezala 168 okha. Koma dziko la America litalowa nkhondo m'caka ca 1917, asilikali ace anapatsidwa malezalawo, ndipo anawanda ponseponse.

Malezala oyambawo anali a citsulo cocita dzimbiri, nabuntha msanga. Anthu osafuna kutaya ndalama anagula timakina, monga Twinplex ndi Kriss Kross, topukutira lezala pacikopa. Cikopa sicidya citsulo ai, cimangowongola kukamwa kwa lezala kumene kwapindika. Osauka anali kumpukuta m'kati mwa tambula.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1962, pamene a Wilkinson Sword a ku England anatulutsa lezala wosacita dzimbiri, wokutidwa kukamwa ndi mankhwala oterera. Kunola lezala wotere ndiko kucotsa cokutiraco, ndipo pamenepo ayamba kukoka ndevu ndi kuceka khungu. Cotero timakina tija tinayenera malezala akale okha. Wamakono akabuntha, atayidwe posafika ana. Ndiponso anthu asabwerekane lezala, pakuti magazi otsalirapo angapatse mnzao matenda.