Goodall Gondwe: Kuchokera ku Banki Kupita ku Nyumba ya Malamulo

Kubadwa ndi ntchito za kubanki

Goodall Gondwe anabadwa m'chaka cha 1936 m'boma la Mzimba, ndipo ataphunzira zachuma anagwira ntchito ku Reserve Bank of Malawi, yomwe ndi banki yaikulu ya dziko lino imene imatulutsa ndalama ya kwacha ndi kuyang'anira mabanki ena onse. Pambuyo pake anapita ku African Development Bank, banki yobwereketsa ndalama zachitukuko kumayiko a mu Africa, kenaka ku bungwe loona zachuma padziko lonse la IMF mumzinda wa Washington, komwe anafika pokhala mkulu wa nthambi yoona za Africa.

Nduna ya zachuma

M'chaka cha 2004, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anasankha Gondwe kukhala nduna ya zachuma, udindo umene mwini wake amakonza bajeti, ndiye kuti ndondomeko ya ndalama zimene boma likuyembekeza kupeza ndi mmene lidzazigwiritsire ntchito pa chaka. Pa nthawiyo dziko linali pa ngongole yaikulu yakunja, koma chuma chitayamba kuyendetsedwa mosamala, gawo lalikulu la ngongoleyo linakhululukidwa mu 2006. M'zaka zomwezo boma linayambitsa makuponi a feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, ndipo alimi ambiri anakolola chimanga chochuluka.

Mgodi wa Kayelekera ku Karonga

Anthu a ku Karonga anaona zotsatira za ntchito ya undunawu pafupi, chifukwa mu 2007 boma linachita mgwirizano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia kuti ikumbe miyala ya yureniyamu ku Kayelekera. Yureniyamu ndi mwala umene mayiko ena amapangira magetsi. Boma linatenga magawo 15 mwa magawo 100 aliwonse a mgodiwo, womwe unatsegulidwa mu 2009, koma mabungwe omwe si aboma anadandaula kuti misonkho imene kampaniyo inachotseredwa inali yambiri. Mu 2014 kukumba kunaima chifukwa mtengo wa mwalawo unatsika pamsika wa dziko lonse, ndipo ambiri anachotsedwa ntchito.

Phungu wa Nyumba ya Malamulo

Pa chisankho cha 2009, Gondwe anapambana kukhala phungu wa dera la kumpoto kwa Mzimba pansi pa chipani cha DPP. Phungu ndi munthu wosankhidwa ndi anthu a dera lake kuti akawayankhulire, akapange malamulo, ndiponso akavomereze kapena kukana bajeti, motero Gondwe, amene kale ankayankha mafunso a akuluakulu a mabanki, anayenera tsopano kuyankhanso mafunso a mafumu ndi alimi. Kuyambira 2014 mpaka 2019 anakhalanso nduna ya zachuma mu ulamuliro wa Peter Mutharika, ndipo Gondweyo anamwalira mu Ogasiti 2023.

Phunziro la mbiriyi

Luso lowerengera ndalama ndi lofunika kwambiri m'Nyumba ya Malamulo, pakuti phungu wosamvetsa bajeti sangateteze msonkho wa anthu ake. Komabe nkhani ya Kayelekera ikusonyeza kuti luso lokhalo silikwanira ngati eni dera sakudziwa zimene zalembedwa m'mapangano okhudza nthaka yawo, n'chifukwa chake nzika yodziwa kuwerenga iyenera kufunsa phungu wake za ndalama za boma popanda mantha.