Proctor: Kuchokera m'Khoti Mpaka Kuchipinda Chogona

Munthu uja amazungulira pakati pa madesiki ana asukulu akulemba mayeso, ku America amamutchula kuti proctor. Ku Britain, ngakhalenso kuno kwathu pa mayeso a MANEB, amati invigilator. Dzina lachiwirili mbiri yake ndi yaifupi: linachokera ku mawu a Chilatini onena za kukhala maso ngati mlonda, ndipo linakhazikika pa nkhani za mayeso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. La proctor ndiye laponda mwambiri.

Pachiyambi proctor sanali wolonda anthu. Dzinali ndi chidule cha procurator, kutanthauza woyendetsa zinthu m'malo mwa wina. M'makhoti a mpingo ku England, omwe ankaweruza milandu ya maukwati ndi ya chuma chamasiye, proctor ndiye ankaimira mwini mlandu, kumukonzera zikalata ndi kumulondolera nkhani yake. Ku London ankapezeka pafupi ndi tchalitchi cha St Paul's, pamalo otchedwa Doctors' Commons, komwe Charles Dickens anatumiza mnyamata wa m'buku lake, David Copperfield, kukaphunzira ntchitoyi. Boma litalanda mpingo milandu imeneyi mu 1857, udindowu unayamba kuzirala mpaka unamezedwa ndi wa maloya wamba.

Kuyunivesite nako zinayamba chimodzimodzi. Zolembedwa za ku Oxford zimatchula ma proctor kuyambira mu 1248, ndipo ankakhala awiri. Wina ankasankhidwa ndi aphunzitsi ochokera kumpoto, wina ndi akumwera, chifukwa magulu awiriwa sankamwerana madzi ndipo lililonse linkafuna munthu wake wolilankhulira. Mpaka lero, pa mwambo wopereka madigiri, mayina akawerengedwa ma proctor amayenda kupita ndi kubwerera pakati pa akuluakulu a makoleji. Aliyense akakhala chete, ndiye kuti avomereza kuti otchulidwawo alandire madigiri awo.

Koma amene wapatsidwa udindo wosunga malamulo sachedwa kusanduka wapolisi. M'kupita kwa zaka, ma proctor a ku Oxford ndi Cambridge anayamba kuyendera misewu usiku, kusaka ophunzira amene ali m'nyumba zomwera mowa kapena amene atuluka osavala mkanjo wa sukulu. Pambuyo pawo pankabwera apolisi a yunivesite ovala zipewa zakuda, omwe ophunzira anawapatsa dzina la agalu aukali aja, bulldogs. Wopalamula akaliyatsa liwiro, iwowa ndiwo ankamuthamangitsa.

Chonyansa kwambiri chinali ku Cambridge. Kumeneko proctor anali ndi mphamvu zogwira mkazi aliyense wa m'tauni amene akumuganizira kuti akusokoneza anyamata a sukulu, n'kukamutsekera m'ndende ya yunivesite yotchedwa Spinning House. Woweruza anali mkulu wa yunivesite yomweyo. Mu 1891 anagwira mtsikana wa zaka 17, Daisy Hopkins, n'kumulamula kukhala m'ndendemo masiku 14. Mlandu wolembedwa papepala unali woti anapezeka akuyenda ndi munthu wa payunivesite, basi. Khoti lalikulu ku London linamumasula ponena kuti kuyenda ndi munthu si mlandu, anthu a m'tauni anakwiya, ndipo mu 1894 nyumba ya malamulo inathetsa mphamvuzo. Tikanena mwachilungamo, mwambowu sunkateteza makhalidwe ayi, unkangokankhira atsikana osauka zolakwa za ana a anthu olemera. Apolisi a yunivesite ya Oxford anakhalapobe mpaka 2003.

Pa ntchito zonse za proctor, imene inapulumuka bwino ndi yoona kuti mayeso akuyenda mwachilungamo. Ku Oxford ma proctor awiri, omwe amagwira ntchitoyi chaka chimodzi, ndiwo amafufuza nkhani za kubera mayeso, ngakhale okhala m'holo tsiku lolembalo ndi ma invigilator. Ku America sanavutike n'kusiyanitsa. Dzinali linangotsika n'kugwera aliyense wogawa mapepala, woyang'ana wotchi ndi wolanda mafoni pakhomo. Tanthauzo lakale lija limamvekabe pang'ono ku Harvard, komwe proctor ndi munthu wamkulu wokhala m'nyumba yogona ophunzira a chaka choyamba kuti aziwalangiza.

Mliri wa Covid-19 utatseka sukulu mu 2020, mayeso anasamukira pa intaneti ndipo dzinali linapeza ntchito ina. Makampani monga ProctorU ndi Proctorio anagulitsa ku mayunivesite ambiri njira zolondera wophunzira ali kunyumba kwake. Asanayambe kulemba amaonetsa chiphaso pa kamera, nthawi zina n'kuzungulitsa kompyuta kuti aonetse makoma, pansi pa tebulo ndi bedi. Kenako pulogalamu imatsata nkhope yake ndi kumvetsera phokoso, moti kuyang'ana kumbali kawirikawiri kapena kulira kwa mwana m'chipinda china kungachititse kuti amukayikire. Ophunzira akhungu lakuda anadandaulanso kuti mapulogalamu ena amalephera kuzindikira nkhope zawo pokhapokha atadziwalitsa ndi nyale.

Wophunzira wina wa pa Cleveland State University, m'boma la Ohio, anakasuma atauzidwa kuti aonetse chipinda chake chogona mayeso asanayambe. Mu 2022 woweruza anagamula kuti pochita zimenezi yunivesiteyo, yomwe ndi ya boma, inachita chipikisheni m'nyumba ya munthu popanda chifukwa chokwanira, zomwe malamulo aakulu a dziko la America amaletsa.